Kanjere Kamene Naphala Anaba

Naphala ndi Kadzuwa ankakhala moyandikana m'chithaphwi china cha m'dambo, ndipo chimene chinawadanitsa chinali kanthu kochepa kuposa fumbi. Chithaphwicho chinali dzenje limene chiboda cha ng'ombe chinasiya m'matope, mvula n'kulidzaza madzi. Munthu wodutsa pamenepo akanangoona timadzi takuda tosadzaza ndi chikho chomwe, koma kwa tinyama tokhala mmenemo limeneli linali dziko lonse.

Tinyama timeneti sitioneka ndi maso. Thupi la kalikonse ndi selo limodzi lokha, kachipinda kamodzi kokutidwa ndi khungu lopyapyala, ndipo zonse zofunika pa moyo zili m'kachipindamo. Komabe tinkalankhula, tinkachezerana, ndiponso tinkasungirana zifukwa ngati mmene anthu amachitira.

Kadzuwa anali wobulungira ngati mkanda, ndipo thupi lake lonse linali ndi timinga tatitali towongoka, toloza mbali zonse. Kuwala kwa m'mawa kukafika m'madzimo, timingato tinkachita waliwali moti aliyense ankatembenuka. Iye sankayenda. Ankangoyandama pamalo amodzi kudikira kuti chakudya chikodwe pa timinga take, ndipo mtima wake unali wodekha ngati kakhalidwe kakeko.

Naphala analibe maonekedwe okhazikika. Thupi lake linkayenderera ngati phala lotayika: ankatulutsa phazi kutsogolo, thupi lonse n'kutsanulikira m'phazilo, kenako n'kutulutsanso lina. Panalibe malo amene sankafikako, ngakhale timipata ta pakati pa mchenga, ndipo m'chithaphwi monsemo munalibe womuposa mphamvu. Koma zimenezi iye sankaziwerengera, chifukwa mtima wake unkakhala pa zimene mnzake anali nazo.

Amene ankakolezera moto mosadziwa anali Kapalasa, kanyama kooneka ngati kabwato, kaubweya thupi lonse. Ndi ubweyawo ankapalasa madzi uku ndi uku tsiku lonse, ndipo chimene waona kum'mawa chinkakhala chitamveka kumadzulo dzuwa lisanafike pamutu. Sanali woipa mtima, kungoti pakamwa pake sipankatsekeka.

"Mwadzuka bwanji, mayi Kadzuwa?" anafuula Kapalasa m'mawa wina. "Koma lero ndiye mwawala! Ndinali kutsidya kwa tsamba lija, koma ndakuonerani komweko."

"Ndadzuka bwino, a Kapalasa, kaya inu? Likuwala ndi dzuwa, si ine ayi."

Potembenuka, Kapalasa anagunda Naphala, yemwe anali pompo nthawi yonseyi. "Aa, pepani a Naphala, sindinakuoneni. Ndimayesa ndi matope."

Naphala anadikira kuti Kapalasa apite, kenako anasendera pafupi ndi mnzake uja, mawu atawafewetsa ngati wongocheza. "Anzanga, timinga tanuti munatitenga kuti?"

"Sindinatitenge kwina kulikonse, timamera m'kati mwangamu," anatero Kadzuwa. "Tasenderani muone."

Khungu la Kadzuwa linali loonekera m'kati ngati madzi oyera. Pakati penipeni pa thupi lake panali kanjere kakang'ono kowala, ndipo pa kanjereko panachokera tizingwe toonda tosawerengeka, topita mbali zonse ngati mapaso a denga la nyumba yozungulira. Anthu ophunzira za maselo amakatcha kanjere kotere sentirozomu, koma a m'chithaphwimo ankangoti kanjere.

"Tizingwe tonseti timamera pa kanjereka," anapitiriza Kadzuwa. "Tina timathera pakhungu n'kumagwira thupi kuti lisaphwanyike. Tina timapitirira, timakankha khungu mpaka kukhala timinga mukutionati. Chakudya chikakodwa kunsonga, chimatsetsereka pa kachingwe mpaka kufika m'kati."

"Ndiye kuti mwini zonse ndi kanjereko," anatero Naphala.

"Ayi, pakokha sikangachite kanthu. Kanjere kamameretsa tizingwe, koma tizingwe ndi timene timakasunga pakati. Ta kumanja tikakoka, ta kumanzere timakokanso, kanjere n'kukhala pamalo pake. Mbali imodzi itaposa inzake, kakhoza kukatsamira khungu, ine n'kupindika. Ndipotu nanunso muli nako, a Naphala. Tadziyang'anani, si ako apo?"

Naphala anadziyang'ana m'kati. Kanjere kake kanalipodi, koma kanali kotuwa, tizingwe take tatifupi ndi tokhotakhota, ndipo sikankakhazikika malo amodzi. Iye akasuntha, kanjereko kankasunthanso.

"Kanuko kamakuuzani kolowera," anatero Kadzuwa. "Kakaloza kum'mawa, tizingwe timanyamulira mphamvu zanu kum'mawa, phazi n'kutulukira komweko. N'chifukwa chake inu mumayenda, pamene ine ndimangokhala pomwe madzi andisiya."

Pa zonse zimene ananena Kadzuwa, Naphala anatolapo chimodzi chokha: kanjere ka mnzake kanali kowala, kake kanali kotuwa. Anatsanzika mwaulemu n'kukalowa pansi pa tsamba la udzu lovunda. Kumeneko anakhalako tsiku lathunthu osadya, akudzifinya ndi kudzikakamiza kuti tizingwe take tiwongoke titulukire kunja. Pomaliza pakhungu pake panatuluka timabampu tisanu tatifupi, tonenepa ngati zala za khanda.

M'mawa mwake anatuluka pang'onopang'ono, atagwira mpweya kuti timabamputo tisaphwe, n'kukaima pamene kuwala kunkafika. Woyamba kumuona anali Kapalasa. Anamuzungulira kawiri, ubweya uli chiimire.

"Kalanga ine, a Naphala, mwadya chiyani? Mwatuluka zithupsa thupi lonse!"

"Si zithupsa," anatero Naphala, ndipo pongoyankhapo timabampu tonse tinaphwa, thupi n'kubwerera mwakale. Kapalasa anaseka mpaka kugubuduka. Pofika masana, aliyense m'chithaphwimo anali atamva kuti Naphala amafuna kukhala dzuwa koma wakhala phala lamibulu.

Kuyambira tsiku limenelo Naphala sankathanso kudya bwino akaona Kadzuwa akuwala. Anaganiza kuti ngati iye sangakhale ndi timinga, bola mnzakeyo asakhalenso nato. Tsiku lina anabwerera m'mbuyo, anasonkhanitsa thupi lake lonse, n'kudzigwetsera pa Kadzuwa ndi mphamvu. Timinga ta mbali imodzi tinathyoka tonse n'kusungunukira m'khungu.

"Pepani, anzanga, madzi andikankha," anatero Naphala.

"Musadandaule, zimachitika," anayankha Kadzuwa, ngakhale ankamva ululu. "Bola kanjere kalipo, timera tina."

Naphala anakakhala chapatali kuti aone mnzake atakhala wa mbali imodzi. Koma akuyang'ana chomwecho, tizingwe tatsopano tinayamba kumera pa kanjere kaja, tinafika pakhungu, tinalikankha, ndipo dzuwa lisanapendeke timinga tonse tinali titabwerera. Kapalasa podutsa ananena kuti tatsopanoti tinali tokongola kuposa takale. Pamenepo Naphala anazindikira kuti kuthyola timinga n'kungodzitopetsa, ndipo maganizo ake onse anatembenukira pa kanjere.

Tinyama ta mtundu umenewu sitibereka ngati mbuzi kapena nkhuku. Kanyama kakakula mokwanira kamagawika pakati, kamodzi n'kukhala tiwiri. Choyamba kanjere kamaswana kukhala tiwiri, kena n'kupita kumutu, kena kumiyendo. Kenako tizingwe tochokera uku ndi uku timagwira timitolo ta chibadwa, momwe munamangidwa zonse zimene kanyamako kamadziwa, monga kadyedwe, kayendedwe ndi dzina lake lomwe, n'kutikoka mofanana kuti mwana aliyense atenge gawo lathunthu.

Nthawi imeneyi inamukwanira Kadzuwa. Inali nthawi yoopsa kwa iye, chifukwa tizingwe tonse tinkafunika m'kati, choncho anayenera kubweza timinga take n'kukhala wambulanda, wofewa, wosatha kudziteteza. Komanso masiku amenewo m'chithaphwimo munali mphutsi ya udzudzu imene inkavundula madzi ikamadzipinda. Kadzuwa anaitana Naphala.

"Anzanga, nthawi yanga yafika. Ndikupempha kuti mundizinge ndi thupi lanu mpaka ndimalize, kuti mafunde a mphutsi ija asandigubuduze. Kuno kulibe wina wamphamvu ngati inu."

"Zimenezo n'zosachita kupempha," anatero Naphala. "Nanga kukhala moyandikana n'kwa chiyani?"

Anatambasula thupi lake n'kumuzinga mnzakeyo ngati mpanda. Kadzuwa anabweza timinga take kamodzikamodzi mpaka anatsala kampira kosalala. M'kati mwake kanjere kaja kananjenjemera, kanatalika pang'ono, kenako kanapatukana kukhala tiwiri, tonse towala mofanana. Tinayamba kutalikirana, tizingwe tikulukana pakati pake mwadongosolo moti ngakhale Naphala anaiwala kupuma.

Kwa kanthawi mtima wake unafewa. Anaona mmene mnzakeyo anadziperekera m'manja mwake popanda mantha, ndipo anachita manyazi ndi zimene ankaganiza. Mphutsi ija itadzipinda, iye analimbitsa thupi, funde n'kuthera pamsana pake. Mwina zinthu zikanatha bwino Kapalasa akanapanda kudutsa.

"Eee, ndiye kuti mawa tikhala ndi madzuwa awiri!" anafuula Kapalasa atasuzumira. "Mmodzi yekha amatithobwa m'maso, nanga awiri? A Naphala, gwirani bwino pamenepo, ntchito ya mpanda ikukukhalani. Ndikauze anthu!"

Anapalasa n'kupita. Naphala anatsala akubwereza mawuwo mumtima. Awiri owala, wina kumanja wina kumanzere, iye pakati ngati matope, tsiku ndi tsiku mpaka chithaphwi kuuma. Anayang'ana tinjere tiwiri tija, n'kuyang'ana kake kotuwa, ndipo manyazi aja anachoka.

Anatulutsa kaphazi koonda ngati singano, anaboola khungu lofewa la Kadzuwa, n'kukoleka kanjere kamene kanali pafupi naye. Tizingwe tinakana, iye anakoka ndi thupi lonse, ndipo tinaduka kamodzikamodzi.

"Mayo ine! A Naphala, mukutani?" analira Kadzuwa.

"Muli nato tiwiri," anatero Naphala. "Kamodzi kakukwanirani." Anameza kanjereko, anamasula mpanda wake uja, n'kuyenderera kupita osacheuka.

Kadzuwa anatsala ndi kanjere kamodzi. Popeza kunalibenso chokoka kumbali inayo, timitolo tonse ta chibadwa tinakokedwera mbali imodzi n'kuunjikana mozungulira kanjere kotsalako. M'chiuno momwe munayamba kuning'a munaphwanso, ndipo kugawika kunalephereka. Funde lotsatira linamugubuduza mpaka pansi pamatope, pomwe anagona wopanda timinga, wosatha kugwira chakudya.

Kapalasa anabwera ndi gulu loti lidzaone madzuwa awiri, koma linapeza malo ali mbee. Atafufuza anamupeza Kadzuwa pansi, bala lili pakhungu. Ataona balalo anazindikira zimene zinachitika. Anaima pambali pake n'kuyamba kupalasa madzi mofatsa kuti tizakudya tiziyandamira kukamwa kwa wodwalayo, ndipo anachita zimenezi tsiku lonse ndi mawa lake.

Kwa Naphala zinthu zinayamba ngati mmene ankafunira. Kanjere kobedwa kaja katangokhazikika m'thupi mwake kanayamba ntchito yake, chifukwa kanjere sikafunsa kuti thupi ndi la yani. Tizingwe towongoka tinamera, tinakankha khungu, ndipo kumsana kwa Naphala kunatuluka timinga khumi ndi tiwiri, tatitali, tonyezimira. Iye anakhala pamalo owala kwambiri, pomwe kale pankakhala Kadzuwa.

Tinyama tinabweradi kudzaona. Tina tinkadabwa, tina tinkanong'onezana, chifukwa nkhani inali itafika kale paliponse. Palibe amene anamupatsa moni. Naphala anaona ngati akumuopa chifukwa cha kukongola, ndipo anatembenuza msana kuti timinga tilandire bwino kuwala.

Njala itamupweteka anaona kachidutswa ka ndere kakuyandama chapafupi, n'kufuna kukatsatira monga mwa masiku onse. Kanjere kake kotuwa kanaloza kum'mawa, phazi n'kutulukira kum'mawa. Koma kanjere kachilendo kanakokera tizingwe take kumadzulo, phazi lina n'kutulukira kumadzulo. Naphala anatamuka mbali ziwiri mpaka kuonda pakati, ndipo ndere ija inadutsa iye ali pomwepo.

Anayesanso kangapo, koma zinali chimodzimodzi. Iye amene ankalowa timipata tonse ta mchenga tsopano sankatha kusuntha ngakhale utali wa thupi lake. Timinga natonso sitinamuthandize, chifukwa m'chibadwa chake munalibe nzeru yogwirira chakudya ndi timinga, moti chilichonse chogunda pamenepo chinkangotsetsereka n'kupita.

"Bwanji simukuyenda masiku ano, a Naphala?" kanamufunsa kanyama kena kodutsa.

"Ndinasiya," anayankha Naphala. "Kuyendayenda n'kwa osaoneka bwino. Ife timangokhala, anthu n'kumabwera okha."

Pa tsiku lachitatu Kadzuwa anapezako mphamvu zolankhula. Anafunsa za Naphala, ndipo Kapalasa anamuuza kuti wakhala pamalo owala, thupi latupa ngati wayandikira nthawi yake yogawika. Kadzuwa atamva zimenezo anadzidzimuka. "Ndikankheni mundifikitse kwa iye, a Kapalasa. Changu."

"Kwa amene anakubayaniyo? Mukatani kumeneko?"

"Akapanda kulavula kanjere kaja lero, afa."

Kapalasa anadandaula njira yonse, komabe anamukankha mpaka anafika. Naphala ataona mnzake uja ali wosalala, wotuwa, chipsera chili pambali, anamva kukoma mumtima. Anaimika timinga take bwinobwino.

"A Naphala, sindinabwere kudzakangana," anatero Kadzuwa. "Zimene munandichita zachitika. Koma lavulani kanjereko kasanaswane. Ngati simukufuna kundibwezera, katayeni m'matope, bola kachoke m'thupi mwanu."

"Chifukwa?"

"Nthawi yanu yayandikira. Ikafika, kanjere kanu kadzakhala tiwiri, kangako kadzakhalanso tiwiri. Tinjere tinayi tidzakokera timitolo tanu mbali zinayi. Palibe mwana amene adzatenge gawo lathunthu."

Naphala anaseka. "Tamverani, anthuni! Pamene ankawala yekha zonse zinali bwino. Lero ndawala ine, akuti ndifa. Nsanje imeneyo, mayi Kadzuwa, nsanje! Sindinkadziwa kuti muli nayo yochuluka chonchi."

"Ndikukuuzani zoona, anzanga."

"Pitani mukagone m'matope mwanu. Mukunditchingira dzuwa."

Kadzuwa sanapite kutali. Anapempha Kapalasa kuti amusiye pa kamchenga kena chapafupi, ndipo anakhala pamenepo akuyang'ana. M'kati mwake kanjere kotsala kaja kanali katabwerera pakati, ndipo tizingwe tatsopano tinali titayamba kumera, moti pakhungu pake panayamba kuoneka tinsonga tating'ono.

M'mawa mwake, dzuwa litangokwera pang'ono, Naphala anamva m'kati mwake mukugwedezeka. Kanjere kotuwa kananjenjemera n'kupatukana. Kanjere kowala kanachitanso chimodzimodzi. Tinjere tinayi tinayamba kukankhana, kalikonse kakufuna ngodya yakeyake, ndipo tizingwe tochokera mbali zinayi tinagwira timitolo ta chibadwa mosokonekera, kamtolo kamodzi kukokedwa ndi titatu.

Ululu wake unali woti sanaumvepo. Anayesa kulavula kanjere kachilendo, koma tsopano tinali tiwiri, ndipo tonse tinali titakulungidwa m'tizingwe. Thupi lake linayamba kutuluka ngodya zinayi ngati chikopa chokhomedwa pansi kuti chiume.

"Ndithandizeni!" anakuwa Naphala. "Mayi Kadzuwa, ndikung'ambika!"

Tinyama tonse tinathamangira pamenepo. Kapalasa anamukankhira Kadzuwa kutsogolo kwa gulu.

"Mverani, nthawi idakalipo pang'ono," anatero Kadzuwa mofulumira. "Tinjereto tiphatikizeni tiwiritiwiri, tiwiri kumutu, tiwiri kumiyendo. Tikakhala magulu awiri, tikoka ngati mbali ziwiri, ndipo mupulumuka."

Naphala anadzifinya ndi mphamvu zake zonse, zomwe zinali zambiri ndithu. Tinjere tiwiri ta kumutu tinayandikana mpaka kukhudzana. Koma tiwiri ta kumsana tinakana kusuntha, chifukwa tizingwe take tinali titatamukira kunja, m'timinga khumi ndi tiwiri tija, ngati zikhomo.

"Sitikusuntha!" analira Naphala.

"Timinga ndi timene tagwira. Tibwezeni m'kati, tonse, msanga! Tizingwe timeneto tikamasuka, tinjere tiyenda."

Naphala anabweza kamodzi, kenako kachiwiri, ndipo anamva kanjere kena kakuyamba kusendera. Potembenuka kuti abweze kachitatu anaona gulu lonse likumuyang'ana. Anaonanso Kadzuwa patsogolo pawo, tinsonga tatsopano tija titatalikirako, kuwala kwa m'mawa kukuyamba kugwa pa ito. Naphala anaima.

"Musaime, a Naphala! Bwezani!"

"Kuti muziwala nokha?" anatero Naphala, mawu akunjenjemera ndi ululu. "Ndibweze tanga pamene tanu tikumera? Ndakudziwani. Mwakhala mukufuna zimenezi kuyambira dzulo."

"Tanga ndibweza pompano ngati mukufuna. Onani!" Kadzuwa anabwezadi tinsonga take tonse, n'kukhalanso wosalala pamaso pa gulu lonse.

Naphala anamuyang'ana mokayikira, akufufuza pamene pabisala chinyengo. Anaganiza kuti akangobweza take, mnzakeyo atulutsanso nthawi yomweyo. Akuganiza chomwecho, tinjere tiwiri ta kumutu tinapulumuka m'kufinya kwake n'kutalikirananso. Tizingwe tonse tinakoka nthawi imodzi, timitolo ta chibadwa tinang'ambikira mbali zinayi, ndipo khungu linaning'a mopingasa ndi mowongoka. Pamene panali Naphala panatsala tizidutswa tinayi tosafanana.

Kachidutswa koyamba sikanalandire kamtolo ngakhale kamodzi, ndipo kanasungunuka aliyense akuona. Kachiwiri kanatenga timitolo tochuluka kuposa muyeso, kanatupa n'kuphulika dzuwa lisanafike pamutu. Kachitatu kanatenga nzeru ya kuyenda koma osatenga ya kudya, choncho kanayenda mozungulira mpaka mphamvu zinatha. Timinga tija tinathothoka n'kumira m'matope.

Kachinayi kanatsala ndi moyo. Kanali kakang'ono, kotuwa, kosadziwa kuyenda ngakhale dzina lake. Kadzuwa anapempha kuti akaike pambali pake, ndipo timinga take titameranso ankabweza ta mbali imeneyo kuti tisakabaye. Chakudya chikakodwa ankachigawa pakati n'kukapatsako, koma kanthuko kankameza pang'ono, kambiri n'kutayika.

Patapita masiku anayi, Kadzuwa anachira, ndipo kanjere kake kanaswananso. Ulendo uno amene anamuzinga anali Kapalasa ndi abale ake asanu, ndipo Kapalasa sanatulutse mawu ngakhale amodzi mpaka zonse zinatha. Tizingwe tinakoka mofanana uku ndi uku, m'chiuno munaning'a, ndipo panakhala a Kadzuwa awiri, aliyense ndi kanjere kake pakati ndi timinga take.

Awiriwo anatembenukira kwa kachidutswa kaja, komwe tsopano kanali kataonda moti kuwala kunkadutsa. Kanali kasanalankhulepo chigawikire. Kanawayang'ana nthawi yaitali, uyu kenako uyo, ndipo kenako kanatulutsa timawu tochepa tomveka movutikira.

"Bwanji inu mulipo awiri, ine ndili ndekha?"

A Kadzuwa awiriwo anayang'anana. Mmodzi anakapatsa kachakudya, koma kanthuko sikanalandire, chifukwa kankayang'ana chimene chinakodwa pa kaminga ka winayo. Kanafa masana a tsiku lomwelo, chakudya chili pambali pake.

Phunziro: Wansanje saona zimene ali nazo, ndipo chimene walanda kwa mnzake chimasokoneza ndi chake chomwe. Thupi limayenda bwino pamene za m'kati mwake zikukoka mogwirizana, ndipo mtima umene ukukokedwa ndi za eni umang'amba mwini wake. Choopsa kwambiri n'chakuti wansanje amaona nsanje mwa aliyense, choncho amakana ngakhale mawu amene akanamupulumutsa.